Wakutsina Khutu ndi Mnansi: Zipani Zathu ndi Otsutsa a M'nyumba Momwe

 Ena mwachokera kwa Makanjira, ena ku Namwera, ena ku Chilipa, ena ku Monkey Bay ndi kwa Nankumba. Mwasiya minda, maukonde ndi malonda anu kuti mudzamve nkhani ya ndale pa nyengo imene palibe akugawa nsalu kapena ndalama, ndipo pa chifukwa chimenechi ndikukuthokozani kwambiri.

Funso limene ndabwera nalo ndi ili: kodi chipani cha ndale chimatani naye membala wake amene waimirira n'kunena kuti, “Apa akuluakulu, ine sindikugwirizana nazo”? Wa chipani china akatsutsa palibe amene amadabwa, ndiyo ntchito yake. Amene ndikunena ine ndi wa m'nyumba momwemo, wovala nsalu yomweyo, amene anayenda nanu pa kampeni dzuwa likuswa mtengo. Yankho limene mbiri ya dziko lathu ikupereka ndi losakondweretsa. Kuyambira mu 1964, zipani zathu zazolowera njira imodzi yothanirana ndi munthu wotere: kumutcha woukira ndi kumuonetsa msana wa njira. Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiibwereza kangapo kuti mupite nayo kwanu. Mkangano wouthamangitsa m'chipani sufa, umangosamuka. Umasamukira kutchire, kukhoti, kuchipani chatsopano kapena pa pepala loponyera voti, ndipo kumeneko umakawononga zambiri kuposa zimene ukanawononga eni ake akanaukamba pa bwalo lawo.

Ndiyenda nanu mu mfundo zisanu. Yoyamba, zimene zinachitika mu 1964 ndi mmene zinakhudzira boma lino la Mangochi. Yachiwiri, mmene chizolowezi cha nthawi imeneyo chinawolokera mu ulamuliro wa zipani zambiri. Yachitatu, zimene zipani ndi dziko zataya chifukwa cha chizolowezichi. Yachinayi, ndiyankha anthu amene sagwirizana ndi maganizo angawa, pakuti nawonso ali ndi zifukwa zomveka. Yachisanu, zimene tingachite.

Mfundo yoyamba. Dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, ndipo pasanathe miyezi iwiri nduna zambiri zinali zitasemphana maganizo ndi Nduna Yaikulu, Dr Hastings Kamuzu Banda. Tiyeni tione zimene ankakangana, chifukwa zinali nkhani zenizeni. Boma linakhazikitsa zoti wodwala azilipira tiki akapita kuchipatala cha boma, ndipo nduna zinati anthu sanamenyere ufulu kuti ayambe kulipira mankhwala. Boma linavomereza lipoti la Skinner lokhudza malipiro, limene linakwiyitsa Amalawi ogwira ntchito m'boma. Maudindo akuluakulu anali adakali m'manja mwa azungu. Dr Banda ankapalana ubwenzi ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, pamene nduna zinkafuna kuima ndi omenyera ufulu komanso kulandira thandizo la boma la China la ku Peking. Panalinso ganizo lotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, limene linachititsa kuti a Colin Cameron atule pansi unduna ufulu usanathe n'komwe mwezi. Pamwamba pa zonsezi, nduna zinatopa ndi kutchedwa “anyamata anga” pa misonkhano. Naye Dr Banda anali ndi zifukwa zake. Thumba la boma linkadalira thandizo la Britain, katundu wa dziko lino ankadzera pa doko la Beira limene linali m'manja mwa Apwitikizi, ndipo Amalawi ophunzira bwino anali ochepa. Mbali zonse ziwiri zinali ndi chonena, ndipo mkangano wotere ndi umene chipani chathanzi chimayenera kuukhalira pansi.

Zinachitika ndi zina. Nduna zitakumana ku Ku Chawe pa phiri la Zomba n'kulemba madandaulo awo, pa 7 Seputembala Dr Banda anachotsa a Orton Chirwa, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawo, ndipo a Henry Masauko Chipembere, amene anali ku Canada pa msonkhano wa zamaphunziro, anachita chimodzimodzi atangofika. Pa 8 ndi 9 Seputembala Nyumba ya Malamulo inakumana ku Zomba. Funso limene linaikidwa pamaso pa aphungu silinali la tiki, la Skinner kapena la China. Linali loti kodi akumukhulupirira Ngwazi Dr Banda kapena ayi. Taonani pamenepa, abale anga, pakuti ndi pamene panagona nkhani yonse: mkangano wa mfundo unasandutsidwa mlandu wa kukhulupirika. Kuchokera tsiku limenelo ngodya zinayi za chipani, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zinayamba kutanthauza chinthu chimodzi, kukhala chete.

Kodi mkanganowo unatha? Inu a Mangochi mukudziwa kumene unapita. A Chipembere, phungu wa dera lino, mwana wa mtsogoleri wa mpingo wa Anglican ku Malindi, anabwerera kwawo. Misonkhano yawo inaletsedwa, boma linawalamula kuti asapitirire mamailosi 4 kuchokera pakhomo pawo, ndipo kenako analowa kutchire. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 anatsogolera anthu pafupifupi 200 kudzathira nkhondo boma lino, limene pa nthawiyo linkatchedwa Fort Johnston. Analanda mfuti kupolisi, pachipwirikiticho panafa anthu osalakwa, ndipo ananyamuka ulendo wa ku Zomba. Atafika pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina la Shire, ulendo n'kuthera pomwepo. A Chipembere anathawira ku America kumene anamwalira mu 1975. A Medson Silombela, amene anapitiriza nkhondoyo, ananyongedwa ku Zomba kumayambiriro kwa 1966. Midzi inatenthedwa, mabanja anathawira ku Tanzania, ndipo patapita zaka anthu a m'mudzi wa Moto anatengedwa chigulu kupita kundende. Mfuti sinali yankho, ndipo sindikuiyamikira. Koma dzifunseni: nkhani ya tiki ya kuchipatala inafika bwanji potenthetsa nyumba za anthu a kumudzi amene sanapondepo m'chipinda cha nduna? Inafikapo chifukwa inasowa bwalo. Ndipo nkhani zomwezo zinabweranso. Mu 2008 dziko linauzidwa kuti Malawi wakhazikitsa ubale ndi boma la China lomwe lija, ndipo Nyumba ya Malamulo imene aphungu athu amakumaniramo ku Lilongwe anamanga ndi Matchaina. Za kulipira m'zipatala za boma tikukanganabe mpaka pano.

Tisawayeretse amene anathamangitsidwawo ngati analibe mbali yawo. Achinyamata omwewa ndi amene anaitana Dr Banda, yemwe anabwerera mu 1958, n'kumukweza pamwamba pa wina aliyense. Mu 1960, pa msonkhano wa ku Nkhotakota, chipani cha Malawi Congress chinamupatsa utsogoleri wa moyo wake wonse iwo ali pomwepo. Pamene a Chester Katsonga anayambitsa chipani cha Christian Democratic chaka chomwecho, chinanyozedwa ndi kuopsezedwa, ndipo atsogoleri a Congress sanaone vuto. Tsiku limene iwo anafuna kutsutsa, anapeza kuti malamulo owateteza kulibe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene anaombera m'manja mu 1964 nawonso anawatsatira. A Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani, ananyongedwa mu 1977. A Aleke Banda ndi a Gwanda Chakuamba anatsekeredwa mu 1980. Mu Meyi 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza. Onsewa anali a m'nyumba.

Mfundo yachiwiri. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri pa riferendamu, ndipo lero palibe amene amanyongedwa chifukwa chotsutsana ndi mtsogoleri wa chipani. Kusintha kumeneku n'kwakukulu, tisakuchepetse. Koma tinachulukitsa zipani osasintha kayendetsedwe ka m'kati mwake, ndipo ambiri amene anayambitsa zipani zatsopano anaphunzira ndale m'chipani chakale chija. Yambani ndi UDF, chipani chimene dera lino linachikonda ndi mtima wonse. Pamene kunabuka maganizo oti a Bakili Muluzi aimenso kachitatu, nkhaniyi sinapatsidwe bwalo lomasuka m'chipani. A Brown Mpinganjira anatuluka n'kuyambitsa NDA mu 2001, ndipo chaka chomwecho Gawo 65 la malamulo aakulu, lolanda mpando wa phungu wosintha chipani, linakulitsidwa kuti ligwire aphungu olowa m'magulu otere, mpaka khoti linakana kusinthako bungwe la PAC litadandaula. Pa 4 Julayi 2002 bilu yochotsa malire a matemu inagwa m'Nyumba ya Malamulo itaperewera mavoti atatu okha. Kenako woimira chipani pa chisankho cha 2004, a Bingu wa Mutharika, anachita kubweretsedwa kuchokera kumwamba, ndipo a Aleke Banda ndi a Justin Malewezi, amene anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, anatuluka. Mu Febuluwale 2005 a Mutharika eni akewo anatuluka n'kuyambitsa DPP. Chipani chinapambana chisankho n'kudzuka chili kotsutsa boma.

DPP sinatengerepo phunziro. Mu Disembala 2010 inachotsa mayi Joyce Banda, amene anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndi a Khumbo Kachali pa mkangano wa amene adzalowe m'malo mwa mtsogoleri. Koma m'chipani mungamuchotse munthu, pa udindo umene malamulo a dziko anamupatsa simungamuchotse ndi kalata ya komiti. A Bingu atamwalira pa 5 Epulo 2012, mayi Banda, othamangitsidwa aja, ndi amene analumbira, ndipo DPP inapezeka kotsutsa m'masiku awiri. Mu 2018 a Saulos Chilima anatuluka n'kutsogolera UTM, ndipo mu 2024 a Kondwani Nankhumwa anachotsedwa pambuyo pa zaka zokokanakokana m'makhoti, nawonso n'kuyambitsa chipani chawo. Ku MCP, kusamvana kwa a Gwanda Chakuamba ndi a John Tembo kunabala misonkhano ikuluikulu iwiri ya chipani chimodzi m'chaka cha 2000. Pa chisankho cha 2004 aliyense anaima payekha, ndipo a Bingu anapambana ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse pamene mavoti a awiriwo, kuwaphatikiza, anapitirira theka. AFORD inang'ambika mobwerezabwereza pa nkhani yolowa ndi kutuluka m'boma. Mitundu ya nsalu ndi yosiyana, koma khalidwe ndi limodzi. Mkangano wouthamangitsa m'chipani sufa, umangosamuka.

Mfundo yachitatu, tataya chiyani? Choyamba, zipani zenizenizo zafota. UDF inali ndi aphungu 85 mu 1994 ndi 93 mu 1999, koma inatsikira pa 49 mu 2004, pa 17 mu 2009, pa 14 mu 2014 ndi pa 10 mu 2019. AFORD inachoka pa 36 mu 1994 kufika pa 6 mu 2004 ndi mmodzi yekha mu 2009. Zifukwa zilipo zingapo, ndipo kutuluka m'boma ndi chimodzi mwa izo, koma munthu aliyense wotchuka akachotsedwa amapita ndi dera lake, makomiti ake ndi mavoti ake. Chachiwiri, dziko lataya nthawi. Mu 2007 ndi 2008 bajeti inachedwa miyezi aphungu akukangana za Gawo 65, zipatala ndi sukulu zikudikira. Chachitatu, ndipo ichi ndi chachikulu koposa, tataya mkangano wa mfundo. Yerekezani zimene nduna zinkakangana mu 1964 ndi zimene zang'amba zipani chiyambire 1994. Kale inali tiki, malipiro ndi ubale ndi maiko ena. Masiku ano pafupifupi nthawi zonse ndi funso loti adzaime ndani. Munthu wandale amaphunzira msanga kuti kukhala ndi ganizo lakelake pa za feteleza wotsika mtengo, pa za kugwa kwa kwacha kapena pa za ngongole za boma n'kudziputira mavuto, choncho amasunga pakamwa n'kumadikira mpando. N'chifukwa chake mamanifesito a zipani zathu amafanana, ndipo phungu akhoza kuchoka chipani ichi m'mawa n'kulowa icho madzulo osasintha ganizo ngakhale limodzi. Mfundo zikasowa, chotsala chosiyanitsa zipani ndi dzina la mtsogoleri ndi chigawo chimene amachokera.

Musaganize kuti izi ndi za ku Lilongwe ndi ku Blantyre kokha. Taganizirani zisankho zachipulula monga mmene zimachitikira kawirikawiri m'madera mwathu. Anthu asonkhana pa bwalo la sukulu kuyambira m'mawa. Woyendetsa chisankho wochokera kulikulu wafika masana ndi mndandanda wa makomiti umene ena sanauonepo. Lole yatsitsa anthu amene eni dera sakuwadziwa. Ovota auzidwa kuti aime pa mzere kumbuyo kwa amene akumufuna, gavanala wa chipani akuona nkhope ya aliyense, ndipo mzere ukatalika kumbuyo kwa munthu wosafunika kumwamba, chisankho chaimitsidwa, zotsatira n'kudzamveka pa wailesi. Wogonja mwa njira yotere sapita kunyumba kukagona. Amakaima payekha, ndipo nthawi zambiri amapambana. Mu 2014 aphungu oima paokha anali 52 mwa 193, ndipo mu 2019 anali 55. Ambiri mwa iwo anali ana a zipani zomwezo. Ngakhale mtsogoleri wa UDF, a Atupele Muluzi, anagonja mu 2019 kudera lawo la kumpoto chakum'mawa kwa Machinga kwa munthu woima payekha. Apa mkangano unasamukira pa pepala loponyera voti.

Mfundo yachinayi, ndiyankhe otsutsa. Woyamba akuti atambala awiri salira m'khola limodzi, chipani chopanda mwambo sichingalamulire dziko. Ndikuvomereza kuti mwambo ndi wofunika. Nduna imene ikunyoza poyera chimene inagwirizana ndi anzake iyenera kutula pansi udindo. Koma pali nthawi yokambirana ndi nthawi yokoka pamodzi, ndipo inu a kunyanja mukuzidziwa bwino. Alovi a chilimira asanapalase amakangana pa doko: usipa uli kuti lero, mwezi uli bwanji, mwera watha kapena ayi. Siginala ndiye amatsogolera ndi nyali zake, koma wanzeru amamvera mlovi amene wati mphepo yasintha, ndipo samutsitsa m'boti chifukwa chonena zimenezo. Khoka likaponyedwa m'madzi mkangano watha, onse amakoka chingwe nthawi imodzi. Amakoka ndi mphamvu chifukwa ananena zakukhosi ali kumtunda. Zipani zathu zimafuna kukoka kokhako popanda kukambirana kwa pa doko. Mwambo weniweni umamanga onse, mtsogoleri yemwe. Ku Britain, mu Novembala 1990, aphungu a chipani cha Conservative anagwiritsa ntchito malamulo a chipani chawo kupikisana ndi mayi Margaret Thatcher ali Nduna Yaikulu. Iwo anatula pansi udindo, chipani sichinang'ambike, ndipo chinapambananso chisankho cha 1992. Chimene chinawathandiza ndi njira yodziwika, yolembedwa, yosinthira mtsogoleri.

Wachiwiri akuti otsutsa a m'chipaniwa alibe mfundo, akungofuna mipando. Zoona zilimo. Taona anthu otuluka mokalipa akubwerera mwakachetechete atalonjezedwa unduna, ndipo taona othamangitsidwa akuyambitsa zipani zimene nazonso sizilola kutsutsa. A Bingu, amene anatuluka mu UDF pokana kulamulidwa ndi tcheyamani wa chipanicho, ndi omwewo amene chipani chawo chinachotsa mayi Joyce Banda. Koma zimenezi zikungotsimikiza kuti vuto lili m'kamangidwe ka zipani, kusintha nkhope kokha sikulichotsa. Komanso kufuna mpando si mlandu. Wolowa ndale aliyense amafuna udindo, ndipo mankhwala a munthu wofunitsitsa ndi kumupatsa mpata wopikisana pa konvenshoni. Akagonja mwachilungamo alibe chokauza anthu, koma mukamuchotsa mwamupatsa nkhani yoyenda nayo dziko lonse. Ndipo si onse amene amatsutsa chifukwa cha mimba. Mu 2015, aphungu a UDF atasamukira ku mabenchi a boma, malemu Lucius Banda, phungu wa kumpoto kwa Balaka, anakana n'kutsala yekha kotsutsa, kumene kulibe galimoto ya unduna. Funso limene kukana kwawo kunadzutsa linali lenileni: kodi chipani chaching'ono chimapindula kapena chimamezedwa chikakwatiwa ndi chachikulu? Funso lotere linayenera kuyankhidwa ndi mamembala onse pa msonkhano wawo.

Wachitatu akuti chipani chili ndi mwini wake, amene amagula nsalu, mafuta ndi magalimoto, ndipo wosakondwa atuluke. Apa ndi pamene pali muzu wa vuto. M'nthawi ya chipani chimodzi anthu ankakakamizidwa kugula khadi, wopanda khadi sankalowa mumsika kapena kukwera basi. Chifukwa cha chilonda chimenecho, zipani za pambuyo pa 1994 zinaopa kutolera zopereka kwa mamembala, n'kuyamba kudalira thumba la munthu mmodzi kapena anthu ochepa olemera. Wodyetsa ndiye amalamula, ndipo wodyetsedwa satsutsa. Komabe chipani si golosale ya munthu. Gawo 40 la malamulo aakulu limati chipani chimene chapeza mavoti opitirira limodzi mwa magawo khumi chizilandira ndalama za boma, kutanthauza msonkho wanu ndi wanga. Chipani ndi chimene chimasankha anthu odzakhala aphungu, nduna ndi mtsogoleri wa dziko. Munthu amene wazolowera kuchotsa womutsutsa m'komiti sadzasintha mtima tsiku lolumbira pa bwalo la zamasewero. Mmene amachitira ndi mnzake wa m'chipani ndi mmene adzachitire ndi mtolankhani, woweruza milandu ndi inu.

Mfundo yachisanu, tichite chiyani? Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo nthawi yokonza malamulo a chipani ndi pamene kulibe mkangano. Choyamba, chipani chilichonse chikhale ndi kaundula wa mamembala woti aliyense akhoza kumuona, ndipo mamembala azisonkha kangachepe mwa kufuna kwawo, kuti akhale ndi pakamwa. Chachiwiri, konvenshoni izichitika pa nthawi imene malamulo a chipani ananena, mpando wa mtsogoleri uzipikisanidwa moona, ndipo mavoti onse, kuphatikizapo a zisankho zachipulula, akhale achinsinsi. Chachitatu, komiti yosungitsa mwambo isasankhidwe ndi munthu amene akudandaula. Woimbidwa mlandu auzidwe mlandu wake polemba, amvedwe, ndipo akhale ndi kokachita apilo m'chipani momwemo asanathamangire chiletso cha khoti. Mafumu athu ali pano angatiphunzitse, pakuti pa bwalo la mfumu palibe amene amagamulidwa asanalankhule. Chachinayi, zipani zizikhala ndi misonkhano yokambirana mfundo zokha, yopanda kusankha maudindo, kuyambira m'madera. Kuno ku Mangochi nkhani zilipo zambiri: kutha kwa chambo m'nyanja ya Malombe, nyengo yotseka nyanja ndi chimene msodzi adye pa nthawiyo, malo a m'mphepete mwa nyanja amene akugulidwa mpaka anthu kusowa pofikira madzi, achinyamata amene akuthera ku Joni. Mamembala a chipani chimodzi akhoza kusiyana maganizo pa zonsezi, avote, ogonja asungidwe, ndipo ganizo lawo lilembedwe chifukwa mawa likhoza kudzafunika. Chachisanu, lamulo la zipani la 2018 linakhazikitsa ofesi ya mlembi wa zipani ndi kuletsa kugawa ndalama pokopa mavoti. Ofesi imeneyi ipatsidwe mphamvu ndi zipangizo zoonetsetsa kuti chipani chikutsata malamulo amene chinalemba chokha.

Inu amene muli m'makomiti a nthambi, a dera ndi a boma, mawa akadzabwera ndi kalata yoti musayine kuti uje achotsedwe, funsani kuti walakwa chiyani, lamulo lake ndi liti, ndipo kodi wamvedwa. Kumbukirani kuti amene anavomereza kuchotsedwa kwa anzawo mu 1964 ambiri anadzalira okha. Inu atsogoleri, wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo amene akukuuzani zowawa m'chipinda akukupulumutsani ku zimene ovota adzakuuzeni pa tsiku la chisankho. Inu ovota, wofuna voti yanu mufunseni kuti anasankhidwa bwanji m'chipani chake, ndiponso kuti amene anapikisana naye ali kuti lero. Mkangano wouthamangitsa m'chipani sufa, umangosamuka, ndipo boma lino linalipira kale mtengo wake mokwanira. Wapampando, mafumu, amayi ndi abambo, ndalankhula nthawi yaitali, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu simunagwirizane nane pa zina. Nthawi ya mafunso ndi yanu, nditsutseni momasuka.